Nyumba za M'malaini ndi Tsiku Lobweza Makiyi

Lero tapumula pang'ono pa nkhani za mizere ndi za mbewu, ndipo tikamba za nyumba. Koma si nyumba imene mumamanga inu pamudzi ayi; ndi ija imene msilikali amapatsidwa ku kampu kuti akhalemo ndi mkazi wake ndi ana ake. Ambiri a inu muli ndi mwana, mphwanu kapena mkamwini amene ali ku usilikali, ndipo enanu agogo anu ndiwo anali mu K.A.R. kale. Mwamva kuti kumeneko amagona m'nyumba za Boma, ndipo kapena mumati mumtima mwanu, ameneyo zake zinayera, munda wake wa kuno alibe nawo ntchito. Tsono ndifuna kuti titsate mbiri ya nyumba zimenezi kuyambira pa chiyambi, kuti muone nokha ngati maganizo otere ali oona.

Pamudzi, munthu akadula mitengo, namanga, nafolera, nyumbayo ndi yake. Akafuna kuboola khoma kuti aike zenera aboola, akafuna kusonkha moto pakati pa nyumba asonkha, ndipo palibe amene adzafika ndi buku kudzawerenga ming'alu. Nyumba ya ku kampu ili ndi mwini wake wina. Msilikali amalowamo chifukwa cha ntchito, ndipo ntchito ikatha kapena ikamsunthira kwina amatulukamo. Koma asanatuluke pamafika akuluakulu kudzayendera nyumbayo, kuti aone ngati aisiya monga anaipezera. Mwambo umenewu sunayambire kuno. Unabwera ndi Angelezi, ndipo kwawo komweko unayamba mwa mavuto.

Zaka mazana awiri zapitazo, akuluakulu a nkhondo a ku Britain sanali kufuna konse kuti msilikali wamba akwatire. Wofuna kukwatira anayenera kupempha chilolezo kwa mkulu wa gulu lake, ndipo ololedwa anali owerengeka. Akazi a ololedwawo anali kulembedwa m'buku la gulu, nagwira ntchito yochapa ndi kusoka zovala za asilikali, koma nyumba yawoyawo analibe. Banja linali kugona pa ngodya ya chipinda chachikulu chomwecho chimene munali kugona amuna ena ambiri, atangotchinga ndi bulangete kapena chinsalu, ndipo ana anali kubadwira momwemo. Gulu likaitanidwa kuti liwoloke nyanja, lamulo linali lakuti pa asilikali zana limodzi apite akazi asanu ndi mmodzi basi. Tsono anali kuchita maere: timapepala m'chipewa, tina tolembedwa kuti apite, tina kuti atsale. Mkazi amene watola kakuti atsale anali kusiyidwa padoko ndi ana ake, ndipo ambiri otere sanaonanenso ndi amuna awo.

Zinthu zinayamba kusintha itapita nkhondo ya ku Crimea, imene inatha m'chaka cha 1856. Ku nkhondo imeneyo matenda anapha asilikali ambiri koposa zipolopolo, ndipo mayi wina wosamala odwala, dzina lake Florence Nightingale, atabwerera kwawo sanaleke kuumiriza Boma mpaka linaika anthu ofufuza m'chaka cha 1857. Ofufuzawo anapeza chinthu chochititsa manyazi, kuti ngakhale pa nthawi ya mtendere asilikali ogona m'makampu a ku Britain konko anali kufa pafupifupi kawiri kuposa amuna a msinkhu wawo okhala kunja. Chimene chinali kuwapha ndi kuthithikana, mpweya woipa ndi zimbudzi zonyansa. Kuyambira pamenepo, pang'ono ndi pang'ono, anayamba kumanga nyumba zapadera za mabanja. Koma Boma silipereka kanthu popanda buku. Lamulo lodula malipiro a asilikali pa zinthu zowonongeka linalipo kale m'makampu, ndipo linangolowa nawo m'nyumba zatsopanozo. Tebulo, bedi, ndowa, galasi la pazenera, zonse zinalembedwa. Banja polowa linali kuwerengeredwa, potuluka linali kuwerengeredwanso, ndipo chimene chasowa kapena kusweka mtengo wake unali kuchotsedwa pa malipiro a mwamuna.

Tsopano tibwere kwathu. M'chaka cha 1891 Harry Johnston, amene anakhazikitsa Boma la Angelezi m'dziko muno, anaitanitsa asilikali kuchokera ku India, ambiri a iwo Asikhi, ndipo wowatsogolera anali Captain Maguire. Sipanapite nthawi anayamba kulemba anthu a konkuno, Atonga a kunyanja ndi Ayao, kenaka Angoni ndi mitundu ina. M'chaka cha 1896 gululi linatchedwa Central Africa Rifles, ndipo pa 1 January 1902 linalowa mu King's African Rifles, imene timangoti K.A.R. Mabataliyoni awiri oyamba, 1 K.A.R. ndi 2 K.A.R., anali a dziko lino. Likulu lawo linali ku Zomba, pa kampu imene lero itchedwa Cobbe Barracks pokumbukira Alexander Cobbe, mkulu amene anatsogolera asilikali athu ku Somaliland m'chaka cha 1902. Ena anali kulonda m'malinga monga ku Mangoche, ku Fort Lister pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, ndi ku Fort Manning kumene tsopano timati ku Mchinji.

Nyumba zoyamba m'malo amenewa sizinasiyane kwambiri ndi za pamudzi. Zinali za mitengo, dothi ndi udzu, ndipo kawirikawiri omanga anali asilikali eni ake. Kusiyana kwake kunali pa kaimidwe, pakuti zinaima pa mizere yowongoka, khomo kuyang'ana kumodzi, mpata wofanana pakati pa nyumba ndi inzake. Ndicho chifukwa chake anthu amati ku malaini, ndipo dzinalo silinathe ngakhale pamene anadzamanga za njerwa ndi malata.

Chodabwitsa ndi ichi, kuti Angelezi omwewo amene kwawo anali kukaniza msilikali kukwatira, kuno anakondwera kuti mkazi akhale m'malaini. Musaganize kuti unali ufulu wa mtima wokha. Phoso la msilikali linali kuperekedwa losaphika, ndipo panafunika munthu woti aphike, atunge madzi, atole nkhuni, achape ndi kusesa. Ndiponso akuluakulu anaona kuti mwamuna amene mkazi wake ndi ana ake ali pakhomo sathawa ntchito wamba, savuta akazi a m'midzi yoyandikana ndi kampu, ndipo satenga msanga matenda a chiwerewere. Motero pa malipiro a munthu mmodzi Boma linapeza antchito awiri. Ine ndiyesa kuti polemba mbiri ya K.A.R. amayi amenewa sapatsidwa malo owayenera.

Kuti muone mmene nyumba ya msilikali inalili yosakhazikika, imvani za bataliyoni yachiwiri. M'chaka cha 1899 inatumizidwa ku chilumba cha Mauritius, pakati pa nyanja yaikulu, ndipo pa ulendo umenewo panali akazi oposa 200 ndi ana awo. Anthu a pachilumbapo sanawalandire bwino. Anali kuwanyoza ndi kuwagenda, mpaka tsiku lina kumapeto kwa chaka chomwecho asilikali anapsa mtima, natuluka m'kampu, nakamenya anthu a mudzi wapafupi. Boma linawasamutsira pa kachilumba kena kouma kotchedwa Flat Island, ndipo kuchiyambi kwa chaka cha 1900 gululo linakwezedwanso m'sitima kupita ku Somaliland. Taganizani za mayi amene anachoka ku Mulanje kapena ku Bandawe asanaonepo nyanja ya mchere, namanga katundu wake kangapo chaka chisanathe.

Nanga moyo wa m'malaini unali wotani? Unali moyo wa lipenga. Lipenga ndilo linali kudzutsa anthu, lipenga ndilo linali kuzimitsa nyale usiku. Dzuwa lisanakwere bwalo linayenera kukhala losesedwa, zinyalala zitapita kudzala, phulusa litachotsedwa. Pa masiku oikika mkulu wa asilikali anali kuyenda nyumba ndi nyumba, sajeni meja ali pambuyo pake, ndipo dokotala wa gulu anali kuona zimbudzi, ngalande ndi madzi oima amene amaswa udzudzu. Mwamuna ali ku pelete, ndiye kuti woimirira pakhomo kuti ayankhe za ukhondo wa nyumba anali mkazi. Koma nyumba ikapezeka yauve, woitanidwa ku ofesi anali mwamuna. Inu eni mabanja mungathe kudziwa nokha mawu amene anali kumveka m'nyumba imeneyo madzulo ake.

Malamulo ena anali olemera koposa kusesa. Boma linali kuzindikira mkazi mmodzi yekha, kotero kuti wamitala anayenera kusankha amene akhale naye ku kampu. Mlendo sanali kungofika ndi kugona osadziwitsa akuluakulu. Mowa sunali kufululidwa mwaufulu monga pamudzi. Akazi anali kupimidwa ndi dokotala kaya afuna kaya safuna, chinthu chimene ambiri anachiona chochotsa ulemu. Banja likayambana panalibe ankhoswe pafupi, tsono mlandu unali kupita kwa sajeni meja ndi masajeni anzake, ndipo pakati pa amayi panali kukhala mayi wamkulu, kawirikawiri mkazi wa msilikali waudindo, woyang'anira anzake. Mkazi amene waweruzidwa kuti ndi wovuta anali kuchotsedwa m'malaini. Kumbukiraninso kuti m'masiku amenewo msilikali wolakwa anali kukwapulidwa ndi chikoti, ndipo chilango chimenechi chinaletsedwa m'chaka cha 1946.

Pokamba izi sindifuna kubisa zabwino zake, pakuti zinalipo, ndipo ndizo zinali kukopa anthu. Phoso silinali kudikira mvula. Mwana akadwala chipatala chinali pafupi. Itatha nkhondo yachiwiri anaonjeza nyumba zolimba, masukulu a ana a asilikali ndi maphunziro a amayi a kusoka ndi kulera ana. Amayi ambiri amene anabwerera kumudzi ndiwo anayamba kukumba chimbudzi ndi kumanga thandala la mbale anansi awo asanaone chifukwa chake. Ngakhale magule athu anatengako: malipenga, mganda ndi beni, zovala zake zoyera ndi mayendedwe ake a pamzere, zonsezo ndi chithunzi cha pelete.

Koma tsiku lotuluka linali kufika kwa aliyense, ndipo linali kufika m'njira zambiri. Wina zaka zake zatha. Wina wavulala kapena wadwala, dokotala wati sangathenso ntchito. Wina wachotsedwa chifukwa cha mlandu. Wina wamwalira, ndipo mkazi wamasiye, maliro atangotha, anali kudziwa kuti nyumbayo ifunidwa ndi banja lina. Nthawi zina gulu lonse linali kusamuka, monga pamene asilikali a kuno anali kutumizidwa ku Nairobi ndi ku Zanzibar nkhondo yoyamba isanayambe, kapena ku Tabora m'dziko la Tanganyika nkhondoyo itatha. Ndipo m'chaka cha 1911 Boma, pofuna kusunga ndalama, linathetsa 2 K.A.R. yonse. Amuna ophunzitsidwa bwino anapezeka opanda ntchito ndi opanda nyumba, ndipo ambiri anawoloka malire nakalembetsa kwa Ajeremani, kotero kuti nkhondo itabuka m'chaka cha 1914 ena anamenyana ndi anzawo amene anagona nawo laini imodzi.

Tsono tiyerekeze banja limene lauzidwa kuti lituluke pakutha pa mwezi. Ntchito yoyamba ndi khoma ndi denga. Mwaye wa zaka zitatu kapena zinayi uyenera kupalidwa, pakuti ngakhale lamulo linali lakuti aphikire kunja, masiku a mvula ndi a chisanu cha ku Zomba moto unali kulowa m'nyumba ndithu. Misomali imene anakolekapo zovala izulidwe, mabowo ake amatidwe, kenaka khoma lipakidwe laimu. Pansi ngati ndi pa dothi azire bwino, ngati ndi pa simenti akweche mpaka mafuta a ndiwo achoke. Bedi la Boma litulutsidwe padzuwa, athire madzi otentha m'mfundo zake zonse chifukwa cha nsikidzi, pakuti woyendera wozolowera ntchito sayang'ana pamwamba, amatembenuza chinthu kuti aone kunsi. Amapisa chala pamwamba pa chitseko pamene mwini nyumba saganizapo. Amatsegula ndi kutseka loko. Amapita kuseri kukaona chimbudzi, bafa ndi ngalande. Khola la nkhuku limene bambo anamanga ndi manja ake liyenera kuphwasulidwa, chifukwa silinalembedwe m'buku.

Chimene chidzakupwetekani mtima inu alimi ndi kamunda ka kuseri kwa nyumba. Amayi athu sangakhale pa malo osabzalapo kanthu, ndipo kumene kunali kuloledwa anali kubzala chimanga, maungu ndi mpiru. Koma lamulo la kusamuka silifunsa ngati chimanga chakhwima. Munthu wabzala mu December, napalira, nabandira, ndipo mu February chili kumasula ngaiyaye auzidwa kuti anyamuke. Chimangacho adzadya ndi wina, kapena chidzadulidwa kuti malo aoneke oyera.

Tsiku lenileni likafika, katundu wa banja ali kale panja m'mabokosi ndi m'mitolo, ndipo wa Boma wayalidwa poyera kuti awerengedwe. Amafika mkulu woyang'anira katundu wa gulu, amene asilikali amati kwatamasita, kapena sajeni wake, pepala lili m'manja. Pamenepa pali chinthu chimodzi chimene mabanja ambiri anachiphunzira mochedwa. Lamulo limasiyanitsa chinthu chimene chatha chokha ndi ukalamba ndi chinthu chimene chawonongedwa. Tsache likatha ndi kusesa palibe mlandu, koma galasi limene mwana waswa ndi mwala liyenera kulipidwa. Nanga ngati galasilo linali losweka kale pamene banjalo linali kulowa? Ngati pa tsiku lolowa sanalembetse, ndiye kuti mlandu ndi wake, ndipo alipira cholakwa cha munthu amene sanamuonepo. Tsono kumbukirani kuti asilikali ambiri a masiku oyamba sanali kudziwa kuwerenga, ndipo pepala linali m'Chingelezi. Munthu anali kungodinda chala, nakhulupirira. Chifukwa chake asilikali akale anali kulangiza achinyamata kuti tsiku lofunika kutsegula maso ndi lolowa, pamene mtima uli pa chimwemwe cha nyumba yatsopano.

Ndipo monga mudziwa, pamene pali lamulo pamakhalanso nzeru zolizemba. Ndowa imodzi yabwino inali kutha kuyenda kuseri kwa malaini, kuchoka m'nyumba imene yayenderedwa kale kupita m'nyumba imene woyendera sanafike, kotero kuti yawerengedwa kawiri kapena katatu m'mawa umodzi. Nzeru imeneyi ndi yakale m'magulu onse a nkhondo, ndipo masajeni anali kuidziwa bwino chifukwa nawonso anachitapo ali achinyamata. Sindikuiyamikira ayi, koma munthu amene ndalama zake za pamwezi zili zowerengeka saona kudulidwa kwa masheleni awiri ngati nkhani yaing'ono. Zonse zikatha woyendera amasaina, makiyi amabwezedwa, ndipo kuyambira ola limenelo banja limene linakhalamo zaka zambiri, ana nabadwiramo, silingalowenso ngakhale kukatenga chipande chimene chaiwalika.

Apa ndi pamene nkhani ifika pabwalo panu, inu mafumu. Banja lija likatuluka pa chipata cha kampu lipita kuti? Lipita kumudzi. Koma mudzi wake uti? M'madera ambiri a pakati ndi a kumwera mwamuna amakhala chikamwini, ndipo munda ndi wa mbumba ya mkazi. Usilikali unali kuchotsa mkazi pakati pa abale ake ngati chitengwa, nthawi zina popanda mwambo wonse kutsatidwa. Zaka khumi zikapita munda wake unakhala tsala, kenaka mng'ono wake kapena msuweni anayamba kulimamo, nabzalamo nthochi ndi mango. Tsono mwini wake wafika ndi ana asanu, ena obadwira ku Tabora olankhula Chiswahili, osadziwa kugwira khasu. Enanso anakwatira mkazi wa mtundu wina kumene anali kugwira ntchito, ndipo pobwera naye kwa mwamuna panalibe munda wa mkaziyo. Milandu yotere inali kufika kwa makolo anu amene anali pa mipando imene mwakhalapo inuyi.

Nkhondo ziwiri zazikulu zinakulitsa vutoli. Pa nkhondo yoyamba, imene akuluakulu anaitcha ya Chiwaya, dziko lino linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, ndipo kumenyana kunafika m'dziko mwathu momwe, ku Karonga, pa 9 September 1914. Chipilala chachitali chimene chili ku Zomba ndi chokumbukira amene anafa. Pa nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, anapita amuna oposa 25,000, namenya ku Moyale, ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Magulu atanyamuka, mabanja a m'malaini anabwezedwa kumidzi. Msilikali anali kupatula gawo la malipiro ake kuti mkazi kapena mayi wake azikalandira ku boma kwa D.C., ndipo ena anali kuyenda mtunda wautali pansi kukatenga ndalamazo. Makalata anali kubwera kuchokera kutali, odandaula kuti ndalama sizikufika, kuti nyumba yagwa palibe woifolera, kuti wina walowerera banja. Ma D.C. anali kutumiza madandaulo amenewa kwa mafumu, pakuti akuluakulu a nkhondo anadziwa kuti msilikali amene mtima wake uli kumudzi samenya bwino. Choncho nyakwawa amene sanaonepo Burma anali kugwira nawo nkhondoyo poweruza za munda ndi za ukwati.

Ndipo atabwerako analandira chiyani? Ambiri analandira ndalama za kamodzi, osati penshoni ya mwezi ndi mwezi. Amene anatumikira zaka zambiri anali kukhululukidwa msonkho wa nyumba. Ena anagula mashini osokera kapena njinga, ena anatsegula kagolosale, ena ndalamazo zinatha chaka chisanathe. Nyumba sanapatsidwe. Ku Zomba kuli nyumba zosungirako asilikali okalamba amene anasowa wowasamala, koma malo ake ndi ochepa, ndipo unyinji wa ankhondo akale unakalambira m'midzi, pa nthaka imene abale ndi mafumu anawasungira kapena kuwagawira.

Za pambuyo pake ndingodutsamo mwachidule. M'zaka za 1952 mpaka 1954 mabataliyoni athu awiri anapita ku Malaya mosinthana. M'nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, anali pansi pa ulamuliro wa ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ndipo anali kusunthidwa pakati pa dziko lino ndi maiko awiri a Rhodesia. M'chaka cha 1964 1 K.A.R. inasanduka Malawi Rifles, pamene 2 K.A.R. inatsalira ku Zambia. Kenaka anamanga makampu ena, monga Kamuzu Barracks ku Lilongwe ndi Moyale Barracks ku Mzuzu. Mbendera inasintha, akuluakulu anakhala ana a dziko lino, ndipo lero amayi nawonso amalembedwa usilikali. Koma lamulo lakuti nyumba imatsata ntchito silinasinthe.

Enanu muli ndi ana amene analowa usilikali wa ku Britain, pakuti dzikolo limalemba anthu a m'maiko a Commonwealth. Kumeneko mwambo uja ulipobe. Banja likafuna kutuluka pamabwera munthu kudzaona nyumba masiku akadalipo, nanena zoyenera kukonza, kenaka nabweranso pa tsiku lomaliza. Amaona chitofu ngati chatsukidwa mafuta, makapeti, mabowo a m'khoma ndi udzu wa pabwalo, ndipo chimene sichinafike pa muyeso chimalipiritsidwa. Amene ntchito yamthera amapatsidwa masiku 93 kuti achoke. Ndipo imvani izi: m'chaka cha 1996 Boma la Britain linagulitsa nyumba za mabanja a asilikali zoposa 55,000 kwa kampani yotchedwa Annington Homes pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 1.7 biliyoni, nayamba kuchita lendi nyumba zomwezo. Patapita zaka zambiri za madandaulo, m'chaka cha 2025 linagulanso nyumba zoposa 36,000 pa mapaundi pafupifupi 6 biliyoni. Mlimi aliyense amene anagulitsapo chimanga pokolola nakachigulanso mu January adziwa mmene malonda otere amawawira.

Pali chinthu chimodzi chatsopano chimene makolo anu sanakumane nacho. M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la malo a makolo, limene lilola kuti munda wa munthu kapena wa banja ulembedwe m'kaundula. Ntchito imeneyi imayamba ndi komiti ya malo, imene wapampando wake ndi gulupu, ndipo mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa kukhala naye, atatu kapena kuposa ayenera kukhala amayi. Kale munda wa munthu amene ali kutali unali kusungidwa m'mitu ya akuluakulu, ndipo akabwera, bwalo linali kukumbukira kuti malire anali pa mtengo wakuti. Tsopano chimene chalembedwa n'chovuta kufafaniza. Tsono oyeza malo akafika m'dera lanu, amene adzaimirira m'munda ndi amene ali kulimamo chaka chimenecho, pamene mlongo wake ali ku Cobbe, ku Moyale, kapena mwamuna wake watumizidwa kukasungitsa mtendere ku Congo. Inu anyakwawa, werengani mabanja a m'mudzi mwanu amene ali ku makampu, muitane mwini mbumba wa banja lililonse, ndipo uthenga upite msanga, pa lamya kapena pa kalata, kuti mwini munda abwere kapena atchule womuimira tsiku loyeza lisanafike.